Kodi olemba nkhani za mizimu ndi zodabwitsa amazitenga kuti?

Zikomo a tcheyamani, mafumu athu, mashehe ndi abusa, aphunzitsi, amayi ndi abambo, komanso inu achinyamata amene mwadzaza kumbuyoko. Ndapemphedwa kuti ndiyankhule za alembi a nkhani zopeka, makamaka zija zimene mumapezeka mizimu, ziwanda, nyama zoyankhula ndi mayiko amene palibe munthu anapondako. Funso limene ndikufuna kuti tilisinkhesinkhe ndi lakuti, kodi munthu wolemba zoterezi amazitenga kuti? Ena amati amalota kwambiri, ena amati mutu wake sukoka bwino, ndipo ndinamvapo mkulu wina akunenetsa kuti munthu sangalembe za afiti ngati iye mwini sanakhwime. Ine ndikufuna ndikuonetseni, potchula anthu enieni ndi zaka zenizeni, kuti alembi amenewa anatola nkhani zawo pamalo wamba: pakamwa pa agogo awo, pagombe limene ankakhala, ndiponso pachilonda chimene anali nacho mumtima.

Popeza ife ndife anthu a kunyanja, ndiyambira kunyanja. M'chaka cha 1815 phiri la Tambora ku Indonesia linaphulika, ndipo phulusa lake linafalikira mumlengalenga mpaka kuphimba mphamvu ya dzuwa, moti chaka chotsatira, cha 1816, miyezi imene ku Ulaya kumayenera kutentha kunali kuzizira ndi mvula yosalekeza. M'miyezi imeneyo kagulu ka Angerezi kanali m'nyumba ina m'mbali mwa nyanja ya Geneva ku Switzerland, ndipo monga momwe ife timakhalira pansi mwera ukavuta, iwonso anabindikira m'nyumba n'kumawerengerana nkhani za mizukwa. Mlakatuli Lord Byron anati aliyense alembe nkhani yakeyake yoopsa. Pagulupo panali mtsikana wa zaka 18, amene dziko limamudziwa ndi dzina loti Mary Shelley, ndipo zimene anayamba kulemba kumeneko zinasindikizidwa mu 1818 pa mutu woti Frankenstein. Ndi nkhani ya wophunzira amene analumikiza ziwalo za akufa n'kupanga cholengedwa chamoyo, kenaka n'kuchithawa chifukwa cha kuipa kwa maonekedwe ake.

Tsono onani kumene mtsikanayo anatola. Mayi ake anamwalira patangopita masiku ochepa iye atabadwa. Mwana wake woyamba anamwalira ali wakhanda mu 1815. Pa nthawi yomweyo akatswiri ankakambirana zimene Luigi Galvani wa ku Italy anapeza, zakuti mwendo wa chule wakufa umagwedezeka ukakhudzidwa ndi mphamvu ya magetsi. Mayi amene wangoika mwana m'manda akamva kuti pali mphamvu yogwedeza chinthu chakufa, sindikuganiza kuti n'zovuta kudziwa kumene maganizo ake angalowere.

Pagulu lomwelo panali dokotala wa Byron, John Polidori, amene mu 1819 anatulutsa nkhani ya munthu woyamwa magazi, ndipo njira imeneyi anadzaikuza Bram Stoker wa ku Ireland m'buku lake la Dracula mu 1897. Stoker analemba za dera la Transylvania koma sanapondeko ndi kamodzi komwe. Mu 1890 anapita kukapuma m'tauni ya asodzi yotchedwa Whitby ku England, ndipo kumeneko anapeza dzina loti Dracula m'buku lakale la m'laibulale, namvanso za sitima ya ku Russia yotchedwa Dmitry imene inakankhidwira pagombe ndi namondwe mu 1885. M'buku lake sitimayo anaitcha Demeter, naikamo mabokosi a dothi ndi chiwanda chimene chinkatha amalinyero mmodzimmodzi usiku. Ndikamawerenga gawo limenelo ndimakumbukira chikwangwani chili pafupi ndi nsanja ya wotchi pa Boma pathu pano pa Mangochi, chokumbutsa anthu 145 amene anamira pamene sitima ya Vipya inagubuduzika mu July 1946. Timadutsapo tsiku ndi tsiku popita kumsika, ambiri a ife osaima n'komwe kuti tiwerenge.

Za J. R. R. Tolkien, amene achinyamata ambiri mumamudziwa kudzera m'mafilimu, ndingonena mwachidule. Iye anabadwira ku Bloemfontein ku South Africa mu 1892, anamenya nawo nkhondo ya ku Somme mu 1916 kumene anzake apamtima anafa, ndipo anadzakhala mphunzitsi wa ziyankhulo zakale ku Oxford. Anayamba ndi kupeka ziyankhulo, potengera kukoma kwa Chifinishi ndi Chiwelishi, kenaka n'kupeka anthu oti aziyankhula ziyankhulozo. The Hobbit inatuluka mu 1937, ndipo The Lord of the Rings inatuluka mu 1954 ndi 1955. Madambo a akufa amene ali m'buku lachiwirili, iye mwini anavomera kuti akufanako ndi kumpoto kwa France nkhondo ija itatha.

Amene ndikufuna tikhalitsepo ndi Amos Tutuola wa ku Nigeria, chifukwa moyo wake ukufanana ndi wa ambiri tili pano. Anabadwira ku Abeokuta mu 1920, sukulu anaiona zaka zisanu ndi chimodzi zokha, ndipo ankagwira ntchito ya umesenjala mu ofesi ya boma ku Lagos, kumene nthawi yambiri ankangokhala kudikira kutumidwa. M'malo mowodzera anayamba kulemba nthano za Chiyoruba zimene anakula nazo. Buku lake la The Palm-Wine Drinkard, limene linasindikizidwa ku London mu 1952, likunena za munthu amene ntchito yake inali kumwa uchema basi. Womugomera uchemayo atagwa mumtengo n'kufa, mwiniwakeyo anaona kuti palibe wina wodziwa kugoma ngati malemuyo, choncho ananyamuka ulendo wokamufunafuna kumudzi wa akufa. Ndaona ena mwaseka, ndipo mwaseka moyenera, pakuti munthu wotere timamudziwa. Kusiyana kwake n'kwakuti Tutuola anamulola kuti ayendedi ulendowo mpaka akafike.

Chingerezi cha Tutuola chinali chopindikapindika, moti anthu ena ophunzira a kwawo anachita nacho manyazi, poganiza kuti azungu awaseka. Enanso anati wangobwereza zimene D. O. Fagunwa analemba kale m'Chiyoruba mu 1938, nkhani ya mlenje wolimba mtima m'nkhalango ya ziwanda, imene Wole Soyinka anadzaimasulira m'Chingerezi mu 1968. Pa mfundo yachiwiriyi ine sindiona mlandu, chifukwa onse awiri ankatunga pachitsime chimodzi, monga momwe agogo a ku Namwera ndi agogo a ku Makanjira angafotokozere nthano imodzi ya Kalulu, aliyense ndi mchere wake. Pachitsime chomwecho anadzatunganso Ben Okri, amene analemba za mwana wotchedwa abiku, ndiye kuti mwana wamzimu amene amabadwa, kufa, n'kubadwanso kwa mayi yemweyo. Buku lakelo, The Famished Road, linapata mphoto ya Booker mu 1991. Chikhulupiriro chimenecho chinabadwa m'misozi ya amayi otaya ana motsatizana, ndipo Okri anachisandutsa galasi loonera dziko lake lonse.

Koma kukhala ndi nthano sikokwanira, pamafunikanso kafotokozedwe. Gabriel García Márquez wa ku Colombia, amene analandira mphoto ya Nobel mu 1982, ankanena kuti buku lake la One Hundred Years of Solitude, la mu 1967, linamuvuta kwa zaka zambiri kufikira atakumbukira momwe agogo ake aakazi ankafotokozera zinthu m'tauni ya Aracataca kumene anakulira. Gogoyo ankanena za akufa oyendayenda m'nyumba ndi nkhope yosasintha, ngati akunena za mtengo wa mchere. Apa ndi pamene alembi athu ongoyamba kumene amaphonya. Akafika pa mzukwa amayamba kukuwa, kuunjika mawu akuti zoopsa, zochititsa nthumanzi, zosaneneka, mpaka wowerenga amatopa. Kumbukirani momwe msodzi wachikulire amafotokozera zimene anaona pakati pa nyanja: sakweza mawu, amatchula malo, amatchula mphepo imene inkaomba, amatchulanso kuti usipa unali wochepa usiku umenewo, ndipo n'chifukwa chake tsitsi limakuimirira.

Ena anayamba kulemba ali pabedi la matenda. Nnedi Okorafor, wobadwira ku America mu 1974 kwa makolo a Chiigbo, anali katswiri wa masewera kufikira pamene opaleshoni ya msana inamusiya wopuwala miyendo kwa kanthawi. Ali chigonere anayamba kulemba tinkhani, ndipo mu 2011 buku lake la Who Fears Death linapata mphoto ya World Fantasy Award.

Tibwere kwathu. Malemu Steve Chimombo, amene anabadwira ku Zomba mu 1945, naphunzitsa zaka zambiri ku Chancellor College, anakula akumva za Napolo, chinjoka chimene makolo amati chimakhala pansi pa phiri, ndipo chikamasamukira kunyanja chimagumula miyala, mitengo ndi midzi. Anthu a ku Zomba anatchula dzina limeneli pa chigumula cha 1946, ndipo a ku Phalombe analitchulanso mu 1991. Chimombo anatulutsa Napolo Poems mu 1987, atalemba kale sewero la The Rainmaker lonena za Mbona, amene kachisi wake ali ku Khulubvi m'boma la Nsanje. Akuluakulu muli pano mukukumbukira kuti masiku amenewo kunali bungwe lounika mabuku, ndipo munthu sukanatha kungotchula chimene chikugumula dziko. Chinjoka cha pansi pa phiri chinanyamula zimene pakamwa sipakanatha kunena. Mwana wa boma lino, Jack Mapanje wa kwa Kadango, anagwiritsa ntchito nanzikambe mwa njira yofananayo m'ndakatulo zake za mu 1981, ngakhale kuti sizinamuteteze, pakuti anatsekeredwa ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991. M'badwo wotsatira uli ndi Shadreck Chikoti, amene buku lake la Azotus the Kingdom limatitengera ku Africa wa zaka 500 zikubwerazo.

Tsono tiyang'ane zimene tili nazo kuno ku Mangochi. Tili ndi Mwalawamphini panjira ya kwa Chembe, mwala umene akatswiri amati mizere yake inabwera chifukwa cha kusweka ndi kuperepeseka kwa mwalawo pa zaka zambirimbiri, koma maso athu amaona mphini, ndipo wolemba ali ndi ufulu wofunsa kuti anautema ndani, ndipo ankauchiza matenda anji. Tili ndi nkhungu, tizilombo touluka tija, zimene zimatuluka m'madzi n'kuima ngati utsi wa mudzi umene ukupsa pakati pa nyanja. Tili ndi siginala amene amakhala yekha m'bwato ndi nyali usiku wonse, kuitana usipa pamene anzake a chilimira akudikira mumdima. Munthu ameneyo amaona chiyani pansi pa kuwalako? Tilinso ndi nkhani za ndondocha, munthu amene amati wafa koma akugwirira ntchito wina mobisika. M'kuona kwanga, nkhani imeneyi ili ndi mizu yakuya m'dera ngati lino, limene linaona anthu akumangidwa magoli kupita kunyanja ya mchere, ndipo lero likuona anyamata akupita ku Joni, ena osamvekanso. Wolemba wanzeru atha kulemba za ndondocha, wowerenga n'kulira chifukwa wakumbukira mchimwene wake.

Pali lamulo limodzi limene nthano zathu zimalidziwa kale, ndipo alembi abwino onse amalitsata: mphamvu iliyonse ili ndi mtengo wake ndi chizimba chake. Ngati munthu wa m'nkhani yanu atha kuuluka, kusanduka fisi ndi kuukitsa akufa popanda kutayapo kanthu, nkhaniyo yafa, chifukwa palibe chimene wowerenga angamudere nacho nkhawa. Muuzeni kuti asacheuke, kapena asadye nsomba yakutiyakuti, kenaka mumuike pamalo pamene kucheuka kuli kokoma koposa.

Ndisanakhale pansi ndiyenera kunena chinthu cholemera, ndipo mafumu mundikhululukire ngati ndaponda m'bwalo lanu. Nkhani yopeka ndi mphekesera zimatunga pachitsime chimodzi, koma mphekesera imatchula dzina la munthu wamoyo. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinafalikira ku Mulanje, Phalombe, Thyolo ndi madera ena, ndipo anthu osalakwa anaphedwa. Agogo ambiri m'dziko muno athamangitsidwa m'midzi yawo, ena kuphedwa kumene, chifukwa chonamiziridwa ufiti, pamene lamulo la Witchcraft Act la 1911 limaletsa kuloza munthu chala kuti ndi mfiti. Choncho inu achinyamata amene mukulemba ndi kutumizirana nkhani pa WhatsApp ndi pa Facebook, sinthani mayina, sinthani mudzi, ndipo musajambule nkhalamba ya m'nkhani yanu mwa njira yoti anthu aizindikire pachitsime mawa m'mawa.

Apa ndi pamene ndimabwereranso kwa mtsikana wa ku nyanja ya Geneva uja. Pakati pa buku lake iye anapereka mpata kwa cholengedwa chija kuti chidziyankhulire chokha, ndipo chinafotokoza momwe chinkabisalira pafupi ndi kanyumba ka banja lina losauka, kumawatolera nkhuni usiku mwakachetechete, kumaphunzira kuyankhula pomvetsera pakhoma, kufikira tsiku limene chinadzionetsera ndipo anachimenya ndi ndodo. Nkhani imene ine ndikanakonda kuwerenga kuchokera kwa mmodzi wa inu ndi yotere: gogo wamasiye wa m'mbali mwa Malombe, amene mudzi wonse ukumunong'ona chifukwa mdzukulu wa mnansi wake wadwala, akufotokoza yekha usiku umene anamva mapazi a anthu akuyandikira pakhomo pake, iye ali mkati akupeta mpunga wa mawa.

Zikomo a tcheyamani.