Kompyuta imodzi ikhale nkhokwe, zinazo zizitapa

Achimwene, mwaswera bwanji ku Luchenzako? Kuno ku Bvumbwe chiperoni chavuta, lero sindibwera, ndiye mvetserani.

Pulogalamu tinaisintha ija musayende nayo pa fulashi n'kumaiika kompyuta iliyonse payokhapayokha. Pakatha mwezi simudzadziwanso kuti yatsopano ili pati. Sankhani kompyuta imodzi, ili pafupi ndi rauta ija, ikhale nkhokwe. Kusintha kulikonse kuzichitikira pamenepo basi.

Tiyambe ndi nambala ya phukusi, fayilo ya .deb imene pulogalamuyo imabweramo. Ngati la Ubuntu ndi 1.2-3, lathu mulitche 1.2-3+thyolo1. Chizindikirocho chikhale chophatikizira, osati kamzere kokhotakhota kaja, ~, chifukwa apt, pulogalamu yoika maphukusi pa Ubuntu, ikakaona imati lathulo ndi lakale kuposa lawo, n'kulisiya.

Mafayilo onse a .deb aikeni mu foda imodzi. Muike dpkg-dev, mulowe m'fodamo, mulembe mu terminal (windo lolembamo malamulo) dpkg-scanpackages . > Packages. Eya, kadonthoko musakaiwale. Fayilo ya Packages ndi kaundula. Apt sisuzumira m'foda ayi, imangowerenga kaundulayo. Ndiye mukawonjezera phukusi osalembanso kaundula, makompyuta enawo azingoti palibe chatsopano. Ine zimenezi zinandidyera Loweruka lathunthu, ana akudikira pakhomo, sindikufuna zikuchitikireni.

M'foda momwemo lembani python3 -m http.server, itsegula khomo la 8000. Windo limenelo musalitseke, ndipo magetsi akazima n'kuyakanso, muliyambitsenso.

Tsopano pa zinazo. Mu /etc/apt/sources.list.d/ pangani fayilo ya thyolo.list, mzere wake ndi umodzi: deb [trusted=yes] http://192.168.1.10:8000/ ./ ndipo adiresiyo, 192.168.1.10, muikhazike pa nkhokwe kuti isamasinthe. Koma apa ndiye pondidetsa nkhawa. Mawu a trusted=yes akutanthauza kuti apt ilandira chilichonse chochokera kumeneko osafunsa siginecha. Choncho pasiwedi ya nkhokwe isungeni nokha, ana asukulu asakhalepo, olo wanzeru uja.

Yesani pa imodzi kaye: sudo apt update, kenako sudo apt install ndi dzina la phukusilo. Zikayenda, lembani sudo apt-mark hold ndi dzina la phukusilo, apo ayi Ubuntu ikatulutsa 1.2-4 ifufuta ntchito yathu yonse. Kumbukirani kuti hold imatsekereza ndi zathu zomwe, tikadzatulutsa thyolo2 mudzayambe mwamasula ndi unhold.

Ziwiri zili kuwindo zija, za Ubuntu 22.04, musazikhudze, phukusili tinalimangira pa 24.04. Mukamaliza yoyamba, jambulani sikirini munditumizire pa WhatsApp ndione musanapitirize.