Kodi ukalamba uli ndi mankhwala?

(Nkhani yomwe namwino wina wopuma pa ntchito anakamba pa msonkhano wa zaumoyo ku Ndirande, mumzinda wa Blantyre.)

Zikomo amfumu, zikomo a komiti pondipatsa mpata. Amayi ndi abambo, ndi inu agogo athu mwakhala kutsogolo kuno, ndakuonani nonse. Kumbuyoko mukundimva? Chabwino.

Nkhani ya leroyi wandiputa nayo ndi mdzukulu wanga. Sabata yatha wabwera ndi foni m'manja, akuti, "Agogo, azungu apeza mankhwala oti munthu asamakalambe." Ndinamuuza kuti athamange akagule mano otsalawa asanathe. (Kuseka.) Koma funso lake si lachibwana, ndiye tiyeni tilione bwinobwino.

Munthu amene anakhalitsa kuposa wina aliyense, yemwe zikalata zake zakubadwa zinatsimikizidwa, ndi mayi wina wa ku France, Jeanne Calment. Anabadwa mu 1875, n'kumwalira mu 1997 ali ndi zaka 122. Kuchokera nthawi imeneyo kwabwera makina, kwabwera mankhwala amitundumitundu, koma palibe amene wamupitirira. Fulu wina dzina lake Jonathan, pa chilumba cha St Helena, anadutsa zaka 190 akungodya udzu. Ife anthu takanika.

Chimatikalambitsa n'chiyani? Thupi lathuli linamangidwa ndi tinthu ting'onoting'ono totchedwa maselo, monga mmene njerwa zimamangira nyumba. Selo limagawikana kukhala awiri, ndipo ndi mmene bala limapolera. Mu 1961 katswiri wina wa ku America, Leonard Hayflick, anapeza kuti maselo a munthu akawasunga m'botolo amagawikana ka 50 kapena chapomwepo, kenako amaima. Chifukwa chake chinadziwika pambuyo pake. Mukudziwa chingwe cha nayiloni choyanikapo zovala, timachiwotcha kunsonga kuti chisamasuke? M'kati mwa selo mulinso timaulusi tosunga malangizo a thupi, ndipo tili ndi nsonga yotero, dzina lake telomere. Selo likagawikana, nsongayo imafupika pang'ono. Ikafupika kwambiri, selo limasiya kugawikana. Akatswiri atatu amene anafotokoza zimenezi analandira mphoto ya Nobel mu 2009.

Ndiye wina anena kuti, bwanji osangoitalikitsa nsongayo? Apa mpamene pagona vuto. Alipo maselo ena amene anaidziwa kale nzeru imeneyo, amabwezeretsa nsonga yawo n'kumangogawikana osaleka. Maselo amenewo timawatchula kuti khansa. Mwaona? Thupi limaimitsa maselo okalamba mwadala, potiteteza ku chotupa. Komanso nsongayi ndi mbali imodzi chabe. Mitsempha ya magazi imauma, mafupa amafewa, chitetezo cha m'thupi chimatopa, zonsezo pa nthawi imodzi. Nyumba ikamadontha malo khumi, lata limodzi silithandiza.

Pa nyama zayendako ndithu, ndisakubisireni. Mu 1935 Clive McCay wa pa yunivesite ya Cornell anaona kuti makoswe opatsidwa chakudya chochepa ankakhala nthawi yaitali kuposa anzawo odya mokhuta. Koma musatuluke muno n'kumati anamwino anena kuti njala ndi mankhwala, ayi. Makoswewo ankalandira zonse zofunika m'thupi, kungoti pang'ono. Njala ya mu February sinatalikitsepo moyo wa munthu. Mu 1993 Cynthia Kenyon anasintha kachidutswa kamodzi ka malangizo m'thupi mwa kanyongolotsi kakang'ono kwambiri, ndipo kanakhala moyo kuwirikiza kawiri. Mu 2009 mankhwala otchedwa rapamycin, omwe anachokera m'dothi la pa chilumba cha Easter, anatalikitsa moyo wa mbewa. Mbewa zake si zathu zapamsewu wa ku Lilongwe zija. (Kuseka.) Koma mankhwala omwewo amafooketsa chitetezo cha m'thupi, n'chifukwa chake amapatsidwa kwa anthu amene aikidwa impso ya munthu wina. Kuno kwathu, kumene TB ili pakhomo, mungamwe zimenezo mwachisawawa?

Ndalama zikulowa zambiri. Mu 2022 kampani ya Altos Labs inayamba ndi madola 3 biliyoni, kufufuza mmene angabwezere maselo okalamba ku ubwana. Koma mpaka lero palibe piritsi limene latsimikizidwa kuti limaletsa ukalamba mwa munthu. Wina akakwera minibasi ya ku Limbe ndi botolo lolembedwa kuti limabwezera unyamata, gwirani chikwama chanu.

Tsopano ndibwere kwathu kuno, chifukwa mbali imeneyi ndinaiona ndi maso angawa. Cha m'ma 2000, zaka zomwe Mmalawi ankayembekezeka kukhala ndi moyo zinali pafupifupi 45. Lero zadutsa 60. Nambala imeneyi sikutanthauza kuti aliyense ankafa pa 45. Imatsika ana ndi achinyamata akamafa ambiri. Ndipo ankafadi. Ndinkalowa mu wodi m'mawa n'kupeza mabedi atatu kapena anayi aphimbidwa, ambiri anthu a zaka za m'ma 30, aphunzitsi, madalaivala, amayi oyamwitsa. Akalipentala ena anasiya mipando n'kumangokhoma mabokosi. Nonse mukukumbukira. Kenako mu 2004 boma linayamba kupereka ma ARV mwaulere. Munthu amene achibale anali atamulira kale ndinkakumana naye pa msika patatha miyezi isanu ndi umodzi, akugulitsa tomato, masaya atabwerera. Onjezanipo masikito, katemera wa ana, kuchilira kuchipatala. Mu 2019 dziko lathu linali loyamba pa dziko lonse kuyamba kupereka katemera wa malungo kwa ana. Sayansi yatiwonjezera kale zaka pafupifupi 20, ndipo palibe amene inamuletsa imvi.

Nanga atapezeka mankhwalawo, ndi bwino? Amfumu, pepani, mutalamulira zaka 150, mphwanu adzalowa liti ufumu? (Kuseka.) Munda womwe ana akulimbirana lero udzagawidwa bwanji? Ndipo adzayamba kugula ndani, wa ku Nyambadwe kapena wa kuno? Ine maganizo anga ndi akuti afufuze ndithu, makamaka ngati cholinga n'choti munthu afike 80 akuyenda yekha, akuona, akudziwa ana ake. Zongowonjezera zaka zogona pamphasa, ayi, sindikuzifuna.

Koma chimandiwawa ndi ichi. Tikufunsa za kutalikitsa moyo, pamene amene afika kale ku ukalamba tikuwathamangitsa. Mu January 2016 ku Neno anthu anapha okalamba anayi powaganizira ufiti, mtsikana wina atafa ndi mphenzi. Ndinasamalirapo gogo wina amene anapezeka m'mamawa kutali ndi kwawo, alibe chovala, akuyankhula zosamveka. Anthu anati wagwa pa lichero. Anabwera naye mutu uli magazi okhaokha. Gogoyo anali ndi matenda a ubongo oiwalitsa, amene amagwira okalamba ena. Anatuluka usiku kukataya madzi, n'kuiwala khomo la nyumba yake. Tikumusambitsa ankangoitana dzina la mwana wake amene anamwalira kalekale. Ndipo dziwani kuti lamulo la 1911 lomwe likugwirabe ntchito limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti. Pamaliro timati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma mawa lake dambo lomwelo talitentha.

Chimene chikugwetsa anthu a msinkhu wanga masiku ano ndi BP ndi shuga. BP sipweteka, munthu amangodzidzimuka sitiroko yamugwira, mkono ndi mwendo zafa. Mchere wa tsiku lonse usapitirire magalamu 5, kasupuni kamodzi ka tiyi, kuphatikizapo wa m'ndiwo. Abambo, kambale ka mchere kapambali pa kanyenya kaja kachepe. Amene munayamba mankhwala a BP musasiye chifukwa choti mukumva bwino, mukumva bwino chifukwa cha mankhwalawo.

Tabwera ndi makina awiri oyezera BP, ali pa tebulo pafupi ndi khomo. Ayambe agogo, achinyamata muwathandize kudzuka. Mukafika pamenepo mukhale kaye pansi mphindi zisanu musanayezedwe, ndipo amene muli ndi buku la kuchipatala mulitulutse tilembemo.