Abambo amene mukumwa mankhwala a mafuta m'magazi, tcherani khutu

Ndakulandirani nonse amene mwatsegula wailesi madzulo ano. Lero ndikuyankhula ndi inu abambo a zaka 40, 50 kapena 60 amene mwauzidwa kuchipatala kuti mafuta, aja amati kolesterolo, achuluka m'magazi ndipo mwapatsidwa mapiritsi. Tengani buku lanu la kuchipatala kapena kabokosi ka mankhwalawo, muone dzina. Ambiri mupeza kuti palembedwa simvastatin kapena atorvastatin, ena rosuvastatin. Onsewa ndi a banja limodzi, ma statin, ndipo ntchito yawo ndi kuchepetsa mafuta amene chiwindi chanu chimapanga.

Tiyambe ndi nthawi yomwera. Simvastatin amwedwe usiku pogona, chifukwa sakhalitsa m'thupi ndipo chiwindi chimapanga mafuta ambiri usiku. Atorvastatin ndi rosuvastatin amakhalitsa, choncho mutha kumwa nthawi iliyonse, bola ikhale yomweyomweyo tsiku ndi tsiku. Mukaiwala, mawa lake musamwe awiri ayi, ingopitirizani limodzi monga mwa masiku onse.

Tsopano nkhani imene imasiyitsa abambo ambiri mankhwala: kuphwanya kwa thupi. Mvetserani bwino apa. Ululu wochokera ku mankhwalawa nthawi zambiri umagwira minofu ikuluikulu, ntchafu, matako, akatumba, mapewa, ndipo umagwira mbali zonse ziwiri. Umayamba pakapita masabata angapo kapena miyezi yochepa chiyambireni kumwa, kapena mlingo ukangokwezedwa. Munthu amaona kuti kudzuka pampando kapena kukwera masitepe kwayamba kulemera. Koma ngati likupweteka ndi bondo limodzi, kapena msana mutachoka kolima, kapena mwakhala mukumwa zaka zitatu popanda vuto, kawirikawiri wolakwa sakhala piritsi. Ku London, mu 2020, anachita kafukufuku pa anthu 60 amene anasiya ma statin chifukwa cha zowawa. Miyezi ina ankawapatsa mankhwala enieni, miyezi ina mapiritsi opanda mankhwala, iwo osadziwa. Zowawa zambiri zinabwerabe ngakhale pa mapiritsi opanda kanthu aja. Sikuti ankanama ayi, ululu ankaumvadi, koma gwero lake silinali mankhwalawo.

Ndiye mukamva kuphwanya, musangoponya kabokosi m'dirowa mwakachetechete. Pitani mukanene. Dokotala angathe kuyeza m'magazi chinthu chotchedwa CK, chimene chimasonyeza ngati minofu ikuwonongeka. Angakuimitseni masabata angapo kuti aone ngati ululu utha, kenako n'kuyambiranso pa mlingo wochepa, kapena kukusinthirani mtundu wina. Ambiri amene simvastatin anawakana amayanjana ndi wina.

Pali chizindikiro chimodzi chimene sichidikira tsiku la kiliniki. Minofu ikupweteka kwambiri, thupi lafooka, ndipo mkodzo wada ngati tiyi wopanda mkaka. Pamenepo siyani mankhwala nthawi yomweyo, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale ndi usiku. Minofu ikamasweka imatulutsa zinthu zimene zimatseka impso. Sizichitikachitika, koma zikachitika impso zimatha kuima. Chimodzimodzi maso akasanduka achikasu: chimenecho ndi chiwindi, musachedwe.

Nthawi zambiri ngozi imeneyi imabwera chifukwa chophatikiza mankhwala. Simvastatin sayenderana ndi erythromycin ndi clarithromycin, mankhwala aja amene ena mumangogula pafamase chifuwa chikavuta. Sayenderananso ndi ketoconazole ndi itraconazole akumwa. Mankhwalawa amatchinga njira imene chiwindi chimachotsera simvastatin, ndiye amaunjikana m'magazi. Abambo amene muli pa ma ARV, ngati mukumwa aja okhala ndi ritonavir, monga atazanavir kapena lopinavir, simvastatin ndi woletsedwa kotheratu. A dolutegravir alibe vuto limeneli. Ndipo inu a BP amene mumamwa amlodipine, simvastatin asapitirire 20 mg pa tsiku. N'chifukwa chake ndimati mukamapita kuchipatala, kaya ndi kwa dokotala wa mano, nyamulani mankhwala anu onse m'kajumbo, ngakhale azitsamba, muwayale patebulo.

Ina ija imene abambo sanena pagulu, ya kuchipinda. Mphamvu zikachepa, ambiri amaloza chala piritsi la mafuta. Zoona zake n'zakuti mitsempha ya kumeneko ndi yaing'ono kuposa ya mtima, ndiye mafuta akayamba kutseka, vuto limatha kuyamba kuonekera kumeneko mtima usanadandaule. Shuga, fodya, mowa, komanso mankhwala ena a BP monga atenolol, propranolol ndi HCTZ nawo amachititsa. Muuzeni dokotala mosabisa, ali ndi pogwira.

Za shuga ndinenepo pang'ono: ma statin amatha kukweza shuga pang'ono, makamaka kwa abambo a mimba yaikulu amene anali kale m'malire. Si chifukwa chosiyira, koma kayezetseni shuga kamodzi pachaka.

Pakatha miyezi itatu chiyambireni kumwa, kayezetseninso mafuta ndi chiwindi. Papepalapo yang'anani pamene palembedwa LDL, amenewo ndiye mafuta otseka mitsempha. Kwa munthu wamba timafuna akhale pansi pa 3, ngati alemba mu muyeso wa mmol/L. Kwa amene anadwalapo mtima kapena sitiroko, pansi pa 1.8, ndipo ngati labotale yanu imalemba mu mg/dL, imeneyo ndi 70. Nambala ikatsika sindiye kuti mwachira. Yatsika chifukwa cha piritsilo, mukasiya ikweranso m'masabata ochepa.

Piritsi lili ndi mnzake, ndiye mbale yanu. Kanyenya wonona, nthumbwana, chikopa cha nkhuku, tchipisi cha pachiwaya chamafuta akuda obwerezabwereza aja, zikhale za apo ndi apo. Nyemba, nandolo, therere, usipa, ndiwo zotendera, nsima ya mgaiwa, izi zibwere pafupipafupi. Mafuta ophikira muziyeza ndi sipuni, osathira kuchokera m'botolo. Yendani mwandawala mphindi 30, masiku asanu pa sabata, mpaka mpweya uzikwera koma mukutha kuyankhula. Ngati simunazolowere, yambani ndi mphindi 10, ndipo musayambe mpira wa madoda sabata yomweyo imene mwayamba mankhwala, chifukwa ntchafu zikadzapweteka simudzadziwa kuti walakwa ndani.