Thabwa loitanira mizimu pa shifiti ya usiku

Moni nonse, a kuno ku Leicester, a ku Joni, ndi inu akumudzi omvera ndi bandulo yoperewera. Mawu asasa, mundikhululukire, ndangotsika basi kuchokera ku naiti koma sindigona ndisanalankhule.

Usiku wathawu, kunyumba yosamalira okalamba komwe ndimagwira ntchito, titagoneka agogo onse, mtsikana wina wachizungu yemwe timagwira naye ntchito anatulutsa thabwa m'chikwama. Ati Halloween, chikondwerero chawo cha zamizukwa, yayandikira, tisewere. Amalitcha Ouija. Alembapo zilembo A mpaka Z, manambala, YES ndi NO m'makona, GOODBYE m'munsi. Ndiye pali kathabwa kena kooneka ngati mtima. Nonse mumaikapo nsonga za zala, wina n'kufunsa kuti kodi muno muli mzimu, kaja n'kumatsetsereka kuloza zilembo. Abale, m'nyumba muja mwatsirizikira anthu angati? Ena ndinawatseka maso ndi manja angawa. Lero wina akufuna awadzutse azicheza nawo pa bureki.

Ine ndinati ayi, ndikumwa tiyi. Mpamene anandicheukira akumwetulira, ati inu a ku Africa mumazidziwa izi, bwerani muitane amayi anu. Amayi anga! Amene anaikidwa ku Ntcheu ine ndikuonera pa foni, netiweki ikudukaduka, chifukwa abwana anati tchuthi palibe. Abwana omwewo amene maola anga a Ogasiti sanawalipirebe, ati sisitimu. Sisitimu imeneyi imangoiwala Amalawi ndi Azimbabwe basi?

Tibwerere. Kathabwa kaja kanayendadi, koma ine maso anali pa zala za mwini wake, zikhadabo zitayera ndi kukanikiza. Tili pomwepo belu la m'chipinda china linalira, atsikana aja kukuwa, wina kugwetsa kapu. Anali agogo aamuna akufuna kuchimbudzi. Anapita ndani? Ine wa ku Africa, olimba mtima aja atakumbatirana.

Chondiseketsa ndi ichi. Thabwali analilembetsa ngati malonda ku America mu 1891, chaka chomwecho Angelezi analengeza kuti dziko lathu lili m'manja mwawo. Makolo athu akathira nsembe ya ufa patsinde pa mpoza ankauzidwa kuti n'chikunja, pomwe kwawo anthu akugula thabwa loitanira akufa. Mpaka lero amaligulitsa a kampani ya Hasbro, omwe aja a masewera a Monopoly. Ndipo musati n'za ana okha. Mu 1994 konkuno ku England, anthu anayi mwa osankhidwa kugamula mlandu wakupha anachita zomwezi usiku ku hotela ku Brighton, kufunsa wophedwayo kuti wakupha ndani. Khoti la apilo linafafaniza chigamulo, mlandu n'kuyambiranso. Zikanachitika ku Zomba bwenzi akutiseka mpaka pano.

Mwana wanga wa ku koleji akuti palibe mzimu, ndi minofu ya zala imene imakankha mwini wake osadziwa, ndipo wasayansi Michael Faraday anazitsimikiza kale mu 1853 pa matebulo omwe ankati akuzungulira okha. Akuti muwamange nsalu kumaso muone ngati palembedwe chomveka. Ndikumuvomereza. Koma inu achemwali ndi achimwene obwera kumene, mverani. Kuno kusungulumwa kumapweteka, makamaka maliro akakupeza uli kutali. Umafika polakalaka mawu amodzi okha a malemu, ndipo amene angakulonjeze mawuwo umamutsatira, kaya ndi thabwa, kaya ndi mneneri wa pa TikTok wofuna mapaundi. Mfumu Sauli sanapite kwa mayi woitana mizimu wa ku Endori chifukwa chokhuta, anapita atasowa pogwira. Deuteronomo 18 yoletsa kufunsira kwa akufa mukuidziwa, sindikuwerengerani. Ngakhale amene simupemphera, kwathu mzimu sauitana ndi chibwana. Ndi mbale wako, umabwera wokha kutulo ukakhala ndi mawu, ndipo m'mawa umakauza akuluakulu, osati kufunsa ngati chibwenzi chako chikukunyenga. Mtima ukalemera imbirani azakhali, bwerani Lamlungu tiphike nsima, tilire limodzi.

Amene munakumanapo nazo izi tumizani mavoisi. A ku Joni ndikudziwa muli ndi zanu za masangoma, musazibise. Lachisanu tikamba za maola osalipidwa, bwerani ndi mapeyisilipi anu.