Kabokosi ka pamjigo paja: musamulande mwana pakamwa pake

Zikomo a Gulupu, a Nyakwawa nonse, azibusa, amayi ndi abambo. Takhuta kuti mwabwera, ngakhale dzuwa la kuno kuchigwa layamba kale kuwotcha. Amene muli kumbuyoko sendererani kuno kumthunzi, kuti pasakhale wina wokamva nkhaniyi kwa mnzake.

Chimene chatisonkhanitsa mukuchidziwa. Sabata yatha, chakumadzulo, pamjigo paja panafika mnyamata wa zaka 10 amene sanatulutsepo mawu chibadwire. Anali ndi kabokosi kopinda ngati kabuku. Anakagogoda ndi kamtengo kake, kabokosiko n'kulankhula ndi mawu achizimayi, m'Chingerezi. Amayi ena anasiya zigubu n'kuliyatsa liwiro. Kutacha, anyamata anapita kwawo kwa mwanayo, n'kukalanda kabokosiko, ena akuti tikatenthe. Ndikuthokoza a Nyakwawa kuti munakana, munakasunga m'nyumba mwanu kufikira titabwera. Tonse tikukumbukira 2017, pamene mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu osalakwa kuno kummwera. Zinkayambanso chomwechi, ndi chinthu chimodzi chachilendo ndi pakamwa pambiri.

Koma chimene ambiri simunamve ndi ichi. Kabokosiko kanakhala kwa a Nyakwawa masiku anayi. M'masiku amenewo mwanayo ankalira usiku wonse, akudzimenya m'mutu. Ena munati, mwaona, chayamba kumugwira. Titamubwezera, chithunzi choyamba chimene anagogoda chinali cha khutu, chachiwiri cha ululu. Khutu linali litatunga mafinya. Masiku anayi mwana akuvutika, mayi ake ali pompo, koma alibe njira yowauzira. Ndiye mverani bwino, chifukwa ndibwereza mpaka mutope nane: kabokosi kaja ndi pakamwa pa mwanayo. Musamulande.

Tsopano kanthuko ndi kachiyani? Dzina lake ndi Nintendo DS. Kanapangidwa ndi kampani ya ku Japan, kanatuluka mu 2004, ndipo ntchito yake yeniyeni ndi magemu a ana, ngati aja amasewera ana athu pafoni. Kali ndi masikirini awiri, wapamwamba ndi wapansi, ndipo wapansiyo amamva ukamukhudza ndi chala kapena kamtengo kaja. Kanagulitsidwa kambirimbiri, kupitirira 150 miliyoni dziko lonse, ndiye musadabwe kuti malume ake a mwanayu anakapeza kakale ku Johannesburg pamtengo wotsika. Anthu ena ataona kuti makina opangidwira osalankhula ndi odula kwambiri, oti banja wamba silingawakwanitse, anati bwanji tiike zithunzi ndi mawu m'kagemu kameneka, poti n'kolimba, n'kotchipa, ndiponso mwana akakanyamula saoneka wosiyana ndi anzake. Pulogalamu imodzi yotere inkatchedwa TapToTalk. Ukagogoda chithunzi cha kapu, kamanena za madzi. Ukagogoda cha mbale, kamanena za chakudya. Basi. Ndipo nzeru imeneyi si yadzana. Kampani ina ya magemu ya ku Japan komweko, Namco, inatulutsa kale makina olankhulira anthu olumala otchedwa Talking Aid mu 1985.

Inu amayi amene munathawa, sindikukusekani, chifukwa chinthu ukachiona koyamba mdima ukugwa chimaopsa. Koma ndikufunseni. Foni yanu ikamanena kuti nambala mwaimbayo sikupezeka, mumaitaya m'Shire? Wailesi ikamalankhula pawindo, mumaitengera kwa a Nyakwawa? Nanga bwanji makina akalankhulira mwana wa mnzanu ndiye akhale ufiti? Chimene chinatiopsa si kabokosi ayi. Tinazolowera kuti mwana ujayu alibe chonena, ndiye tsiku limene ananena kanthu tinadzidzimuka.

Pamenepa ndiye pali bala lathu. Timaganiza kuti munthu wosalankhula ndi wosamva, ndi wosaganiza. Si choncho. Alipo ana amene ubongo unavulala pobadwa, minofu ya pakamwa siigwira bwino, koma m'mutu muli nzeru zonse. Alipo amene anadwala malungo aakulu aja okomola, kuno kuchigwa timawadziwa bwino, anadzuka mawu atapita. Alipo akuluakulu amene BP inawagwetsa ndi sitiroko. Ndinalowa m'nyumba ina kutsidya la kum'mawa kwa Shire, gogo ali gone pamphasa, ana awo atakhala pambali pompo akugawana mbuzi zawo ndi dimba, ngati kuti maliro achitika kale. Gogoyo misozi ili chuchuchu. Ndinawagwira dzanja n'kunena kuti, agogo, ngati mukundimva finyani. Anafinya mpaka chala changa kuwawa. Ankamva zonse. Akulu anati lungalunga n'pobadwa, chilema chichita kudza. Amene mwakhala pano mukulankhula bwinobwino, palibe amene wasainirana ndi lilime lake kuti lidzagwira ntchito mpaka kumanda.

(Bambo wina wachikulire anaimika mkono n'kuimirira: "Pepani alangizi, ndikuduleni. Ife tamva. Koma mawu aja si a mwanayo, ndi a mzimayi, komanso ndi Chizungu. Tidziwa bwanji kuti akulankhula ndi mwanayo osati makinawo? Mawa akadzanena kuti uje waba, tidzagwire ndani?")

Zikomo bambo, khalani pansi. Funso limeneli ndi lolemera, ndipo ndikudziwa kuti ambiri linali kukhosi.

Inu ndinu a msinkhu woti mukukumbukira nthawi imene amuna ankapita kumigodi ku Joni. Kalata ikafika, mayi wosadziwa kuwerenga ankaitana mwana wasukulu kuti amuwerengere. Mawu omveka m'khutu anali a kamwana, koma nkhani inali ya ndani? Ya mwamuna wake. Palibe mayi amene anati kamwana aka kandilonjeza nsalu. Kabokosi kaja ndi kamwana kowerenga kalata. Pakokha sikayamba nkhani. Mukakasiya pampando tsiku lonse kangokhala duu mpaka batire kutha.

Mawuwo amalowamo m'njira ziwiri. Ina, munthu amalankhula, mawu ake n'kujambulidwa, monga mumachitira potumiza uthenga wa mawu pa WhatsApp, kenaka mawuwo amamangiriridwa ku chithunzi. Inayo, makinawo amapanga okha mawu kuchokera ku zilembo. Munthu akalemba, makinawo amaphwanya mawuwo m'timaphokoso ting'onoting'ono n'kutilumikiza motsatira malamulo a chilankhulo chimene anaphunzitsidwa. N'chifukwa chake makina ophunzitsidwa Chingerezi mukawapatsa Chimang'anja kapena Chisena amapotoza, dzina la Nyamithuthu limatuluka ngati wina akutsamwa. Kwa ife kuno njira yoyamba ija ndiye yabwino, ndipo tagwirizana kale ndi mayi a mwanayu kuti mawu a Chingerezi aja tiwachotse, tijambule a msuweni wake wa msinkhu womwewo, m'chilankhulo cha pakhomo pawo. Mwana wamwamuna azimveka ngati mwana wamwamuna wa kuno.

Ku England kunali mphunzitsi wamkulu wa sayansi pa yunivesite ya Cambridge, dzina lake Stephen Hawking. Matenda anamufoola thupi lonse pang'onopang'ono kuyambira ali mnyamata. Mu 1985 anadwala chibayo, madokotala anamuboola pakhosi kuti azipuma, mawu n'kutheratu. Kuyambira pamenepo mpaka anamwalira mu 2018 ankalankhula ndi makina. Manja atafooka, ankasankha mawu pogwedeza mnofu wa patsaya. Makinawo ankamveka ngati munthu wa ku America pomwe iye anali Mngelezi, koma anakana kuwasintha, ankawatenga ngati mawu ake enieni. Ankaphunzitsa, ankalemba mabuku, ndipo palibe amene anati nzeruzo ndi za makina.

Ndiye mwafunsa kuti tidziwa bwanji. Mufunseni chinthu chimene makina sangadziwe. Wadya chiyani m'mawa? Mbuzi yathawira kuti? Mufunse lero, mufunsenso mawa mwa njira ina, monga timachitira ndi mboni iliyonse pabwalo. Akhoza kulakwitsa, akhoza kunama ngati mwana aliyense, koma wolakwitsayo ndi iye, osati kabokosi. Pamene muyenera kukayikira ndi pamene wina wamugwira dzanja n'kumamugogodetsa. Pamenepo akulankhula ndi wogwira dzanjayo. Musamugwire dzanja, musamugogodere. Ndipo bambo, mwatchula zoti akadzanena kuti uje waba. Ine nditembenuze. Ana osalankhula, makamaka atsikana, ndi amene anthu oipa amawachita zachipongwe, chifukwa amadziwa kuti sakanena. Mwana amene ali ndi chithunzi chonena kuti wandimenya, kapena wandigwira posayenera, ali ndi mpanda. Womulanda kabokosi wagwetsa mpandawo. Musamulande.

Ndiwonjezere chimodzi, poti mayi wina anandifunsa panjira. Akuti mwana akazolowera makina adzachita ulesi, sadzayesanso kulankhula. Akatswiri amene atsatira ana otere sanapeze zimenezo. Ana ambiri amayesetsa kwambiri kutulutsa mawu, chifukwa aona kuti kunena kanthu kumabweretsa yankho. Ndodo siiletsa munthu wothyoka mwendo kudzayendanso.

Ndipo inu achinyamata, ndakuonani mukumwetulira kumbuyoko. Ndamva kuti ena mumamunyengerera mwanayu kuti akubwerekeni musewere gemu, batire n'kutha, iye n'kugona wopanda mawu. Kodi mungabwereke lilime la mnzanu kuti mukanyambire supuni? Inunso makolo, mwana akalakwa mulangizeni monga mulangizira ena onse, koma chilango chisakhale chomutsekera kabokosi m'sutikesi. Mwana wolankhula akakuyankhani mwano simumusoka milomo.

Ndikuona ena mwayamba kuyang'ana kudimba, ndipo ana akulira, ndiye zotsalazi ndithamanga nazo.

Si aliyense adzapeze Nintendo DS, analeka kupanga. Foni ya Android, ngakhale yakale yopanda simu, imatha kugwira ntchito yomweyo, ndipo wamkulu wodziwa kulemba akhoza kungolemba n'kukuonetsani. Mulibe foni, dulani katoni, jambulani kapena matani zithunzi, munthu aziloza ndi chala, kapena ndi maso ngati manja sagwira. Yambani ndi zochepa: madzi, chakudya, chimbudzi, ululu, eya, ayi. Ayi asasowepo. Kenaka muziwonjezera mayina a abale, mpira, tchalitchi, zimene iye amakonda, osati zimene zikupepukirani inu zokha. Mukamufunsa dikirani, werengani chamumtima mpaka 10, musamumalizire mawu. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tchajani usiku uliwonse, pa sola kapena kwa otchajitsa pamsika, ndipo otchajitsa mudziwe kuti aka sikodikira pamzere. Musakasiye padzuwa kapena pamalata, kutentha kwa kuno kumapha batire. Nyengo ya mvula kazikhala m'jumbo yomanga bwino pamodzi ndi buku la kuchipatala. Tinaona mu 2015, tinaonanso ndi namondwe Freddy mu 2023, madzi akabwera usiku munthu umangotola mwana n'kuthawira kumtunda, ndipo kumsasa magetsi kulibe. Choncho ngakhale amene ali ndi makina akhalenso ndi katoni ya zithunzi zomwezo, yokutidwa ndi pulasitiki, yomangirira chingwe pakhosi, kumbuyo kwake mutalemba mudzi wake.

Chomaliza. Munthu amene amalankhula bwinobwino akangoti mwadzidzidzi mawu asokonekera, pakamwa papotoka, mkono wafooka, imeneyo si nkhani ya kabokosi kapena ya katoni, ndiponso si yodikira kuti tione mawa. Pezani njinga yamoto kapena galimoto, kuchipatala tsiku lomwelo, kaya ku Chikwawa, ku Ngabu, ku Nchalo kapena ku Nsanje, kumene kuli pafupi. Akafunika kupitirira adzakutumizani ku Queens ku Blantyre.

A Nyakwawa, kabokosi kaja kabwerera kwa mwini wake, ndipo ndikupempha kuti mulengeze ndi pakamwa panu kuti wokalandanso adzayankha pabwalo lanu. Amene muli ndi mwana kapena wamkulu wosalankhula pakhomo, musapite, tsalani pansi pa mtengo uwu. Ndabwera ndi makatoni, sizasi ndi zolembera, tiyambe lero lomwe. Enanu zikomo, pitani bwino.