Kupopera cypermethrin osapha nsomba ndi njuchi

Moni omvera, kulikonse kumene muli. Lero tikambe za cypermethrin, mankhwala aja timapopera mbozi ndi nsabwe za m'masamba, enanso amathira mphemvu m'nyumba. Ali m'gulu la mankhwala otchedwa pyrethroid. Anawapanga koyamba mu 1974 kumalo ofufuzira za ulimi a Rothamsted m'dziko la England, potengera poizoni wopezeka m'maluwa a pyrethrum. Amasokoneza misempha ya kachilombo, kamayamba kunjenjemera, kenako kufa ziwalo, basi kapita. Chiwindi cha munthu chimatha kuwaphwanya msanga, ndipo bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linawaika m'gulu lachiwiri, la poizoni wapakatikati. Ndiye poti sakugwetsa munthu nthawi yomweyo, ambirife timawatenga mwachibwana. Koma nsomba ndi njuchi zilibe mphamvu zoterozo. Timadontho tochepa m'dziwe timamaliza nsomba, nkhanu ndi tizilombo tam'madzi timene nsombazo zimadya.

Tiyambe ndi posakaniza, chifukwa pamenepo m'pamene mumakhudza mankhwala osasungunula. Valani magolovesi a labala, osati a nsalu, a nsalu amamwa mankhwala n'kumawasunga pakhungu panu. Malaya a mikono yaitali, buluku, jombo, chotchinga mphuno ndi pakamwa, ndi magalasi ngati alipo. Werengani pepala la pa botolo, muyeze mlingo umene alembawo ndi choyezera chake, osati supuni ya kukhitchini. Musaonjezere poganiza kuti ziphe bwino. Ndipo madzi tungani, mukasakanizire kutali ndi chitsime kapena mtsinje. Kabowo ka sipuleya kotulutsa mankhwala kakatseka, chonde musapemerere ndi pakamwa. Kamasuleni, mukatsuke ndi madzi.

Nthawi yopopera ndi madzulo, njuchi zitabwerera ku ming'oma. Mbewu zikakhala pa maluwa, dikirani ngati n'kotheka, chifukwa njuchi yotera pa duwa lonyowa ndi mankhwala sipulumuka, komanso ndi njuchi zomwezo zimene zimabereketsa mbewu zanu. Kukakhala mphepo yamphamvu, lekani. Kukakhala kamphepo chabe, kazikuombani kumsana kuti nkhungu ya mankhwala izipita kutsogolo. Mitambo ikachita bii, lekaninso. Mvetsetsani apa: cypermethrin amamatirira ku dothi, salowa pansi kwenikweni. Ndiye mvula ikakokolola dothilo, limatsikira naye mumtsinje. Siyani mpata wosapopera pakati pa munda ndi madzi, makamaka wokhala ndi udzu.

Mukupopera musadye, musasute, musapukute thukuta ndi dzanja. Amene anapoperapo akudziwa kuyabwa kuja kwa kumaso, khungu kuchita dzanzi, kutentha ngati wapakapo tsabola. Kawirikawiri zimatha pakadutsa tsiku limodzi, koma n'chizindikiro chakuti mankhwala akufikani pakhungu. Sambani ndi sopo ndi madzi ozizira, chifukwa otentha amakolezera kuyabwako. Akagwera m'maso, tsukani ndi madzi oyera kwa mphindi 15 osalekeza.

Tsono potsuka, apa m'pamene nsomba zambiri zimafera. Munthu wapopera bwinobwino, kenako watsikira kumtsinje kukatsuka sipuleya. Ayi ndithu. Tsukirani m'munda momwemo, madziwo muwaze pa mbewu zimene mwapoperazo. Botolo likatha, thiranimo madzi, khutchumulani, khuthulirani mu sipuleya, muchite zimenezi katatu. Mukatero liboleni pansi kuti wina asadzaikemo madzi akumwa kapena mafuta ophikira. Musaliotche, utsi wake ndi woipa. Zovala zopoperera muzichapa pazokha, osaphatikiza ndi za ana.

Pokolola, onani masiku odikira amene alemba pa botolo, amasiyana malinga ndi mbewu. Asanakwane musathyole, kaya zodya pakhomo kaya zogulitsa. Wogulayo alibe njira yodziwira, akudalira chikumbumtima chanu.

Inu opopera m'nyumba, tulutsani ana ndi ziweto, vindikirani chakudya ndi ziwiya, mukamaliza tsegulani mawindo mpaka paume. Amphaka makamaka muwasamale, chiwindi chawo chimalephera kuphwanya mankhwala a m'gulu limeneli. Permethrin, mbale wake wa cypermethrin amene amathira agalu pofuna kupha utitiri, amatha kupha mphaka.

Chomaliza, ngozi ya kumwa. Sungani mankhwala m'botolo lake lomwelo, pokhoma, osawathira m'botolo la chakumwa chimene mwana angachizindikire. Munthu akamwa, musamusanzitse. Mankhwala amadzimadziwa nthawi zambiri amasungunulidwa m'mafuta, ndipo posanza mafutawo amatha kulowa m'mapapo n'kuwononga koposa. Musamupatse mkaka kapena mafuta. Muvuleni zovala zimene zanyowa ndi mankhwala, ngati wakomoka mugonekeni chammbali, muthamangire naye kuchipatala. Botolo mulitenge, kuti adokotala aone dzina lenileni la mankhwalawo, chifukwa chithandizo cha cypermethrin n'chosiyana ndi cha poizoni wa magulu ena ophera tizilombo.