Samoa 2019: Mmene WHO imathandizira mayiko a pazilumba

[Chithunzi: mapu a nyanja ya Pacific, timadontho ta zilumba]

Onani kadontho aka. Ili ndi dziko la Tuvalu, ndipo anthu ake ndi pafupifupi 11,000, ochepa kuposa a m'boma la Likoma. Koma ndi dziko palokha, lili ndi unduna wake wa zaumoyo, ndipo liyenera kulondola miliri, kugula katemera ndi kuphunzitsa anamwino monga dziko lina lililonse. Kiribati ili ndi zilumba 33 zomwazikana panyanja yaikulu makilomita oposa 3 miliyoni m'litali ndi m'lifupi mochulukitsa. Dokotala mmodzi akasamukira ku New Zealand, nthawi zina ntchito yonse imene ankaidziwa yekha imapita naye.

Apa ndi pamene bungwe loona za umoyo padziko lonse, la WHO, limalowerera. Silimanga zipatala zake kapena kulamula boma. Ntchito yake yaikulu ndi kulumikiza dziko laling'ono ku zinthu zimene silingasunge palokha. Mu 2010 linatsegula nthambi yapadera ku Suva, m'dziko la Fiji, yotumikira mayiko a pazilumba za Pacific.

[Chithunzi: namwino akulemba m'kaundula pachipatala chaching'ono]

Tiyambe ndi kulondola matenda. Pachilumba chakutali palibe labotale yoti inene msanga kuti matendawa ndi chikuku kapena dengue, matenda ofalitsidwa ndi udzudzu. Ndiye mu 2010 WHO ndi bungwe la mayiko a m'derali lotchedwa Pacific Community anayambitsa njira yowerenga zizindikiro m'malo modikira zotsatira. Namwino amawerenga odwala amene abwera ndi kutentha thupi pamodzi ndi totupa pakhungu, otsegula m'mimba, achimfine champhamvu, ndi amene thupi lawo latentha masiku angapo osaleka. Sabata iliyonse manambala amatumizidwa. Akadumpha mlingo wa nthawi zonse, anthu amapita kukafufuza, magazi n'kukwezedwa ndege kupita ku labotale zikuluzikulu monga ya ku Melbourne, ku Australia. Chofooka chake n'chodziwika: namwino yemwe ali yekha akatanganidwa n'kulephera kutumiza lipoti, ku likulu kumaoneka ngati kuli bata.

[Chithunzi: kabotolo ka katemera wa chikuku ndi kabotolo ka madzi osungunulira]

Tsopano tione zimene zinachitika ku Samoa, dziko la anthu pafupifupi 200,000. Katemera wa chikuku amabwera ngati ufa. Amasungidwa pozizira madigiri 2 mpaka 8, ndipo asanabayidwe amasungunulidwa ndi madzi ake apadera ochokera kukampani yomweyo. Akasungunulidwa, pakatha maola 6 wotsala amatayidwa. Mu Julayi 2018, pachilumba cha Savai'i, makanda awiri anamwalira atangobayidwa, chifukwa katemerayo anasakanizidwa ndi mankhwala olefula minofu amene anali atatha kale nthawi, m'malo mwa madzi ake. Katemerayo analibe vuto. Cholakwika chinali m'kasakanizidwe. Koma kwa mayi amene wamva kuti ana afa atabayidwa jekeseni, kusiyana kumeneko sikumveka.

Boma linaimitsa katemerayu kwa miyezi yambiri, mantha n'kufalikira, olimbikitsa anthu kukana katemera n'kupezerapo mwayi pa Facebook. Malinga ndi ziwerengero za WHO ndi UNICEF, ana olandira katemera wa chikuku anatsika kufika pa 31 peresenti mu 2018. Kuti chikuku chisafalikire pamafunika 95 peresenti, popeza wodwala mmodzi atha kupatsira anthu 12 mpaka 18 amene alibe chitetezo.

Chakumapeto kwa 2019 chikuku chinalowa. Anthu oposa 5,700 anadwala, 83 anamwalira, ambiri mwa iwo ana osakwana zaka zisanu.

[Chithunzi: mahema a chipatala, ndege ikutsitsa katundu]

Nanga WHO inachita chiyani? Anthu ambiri amaganiza za mabokosi a katemera, koma amenewo anabwera makamaka kudzera ku UNICEF. Mbali ya WHO inali yosaonekera kwambiri pa kamera. Magulu a madokotala ndi anamwino anafika kuchokera ku Australia, New Zealand, Britain, Japan ndi kwina. Alendo ochuluka chonchi opanda wowalondolera amasanduka mtolo: onse amathamangira chipatala cha ku Apia, likulu la dzikolo, amafuna magalimoto a unduna, aliyense ndi mafomu ake. WHO ili ndi dongosolo loyesa magulu oterewa asanapite kulikonse. Gulu liyenera kubwera ndi mankhwala, magetsi ndi madzi ake, kuvomerezedwa ndi boma lolilandira, ndi kupereka malipoti pa fomu imodzi. Ku Samoa, WHO inathandiza unduna kugawa maguluwa ndi kusonkhanitsa ziwerengero za tsiku ndi tsiku. Wolamula anali undunawo.

Pa 5 ndi 6 Disembala boma linatseka maofesi ndi misewu. Banja limene munali munthu wosabayidwa linkapachika nsalu yofiira panja, magulu obaya katemera n'kumayenda khomo ndi khomo. Mwezi womwewo usanathe, 95 peresenti ya oyenera kulandira anali atabayidwa.

[Chithunzi: gulu la madokotala ndi anamwino la ku Fiji, FEMAT, likumanga hema]

Kudalira alendo kuli ndi malire, chifukwa chimphepo chikaononga bwalo la ndege palibe amene amatera. N'chifukwa chake WHO yakhala ikuthandiza zilumbazi kukhala ndi magulu awoawo. La ku Fiji, lotchedwa FEMAT, linavomerezedwa ndi WHO mu 2019, loyamba pakati pa mayiko a pazilumba za Pacific.

Vuto lina ndi mtengo wa mankhwala. Wogula zochepa amagula modula, ndipo kampani zina sizivutika n'komwe kumuyankha. Kuno ku Africa, Cabo Verde, Comoros, Mauritius, Seychelles, São Tomé ndi Príncipe pamodzi ndi anzawo anagwirizana mu 2020, mothandizidwa ndi WHO, kuti aziphatikiza maoda awo n'kugula ngati kasitomala mmodzi.  Mauritius inasankhidwa kukhala likulu la ntchitoyi mu 2024.